Kugwetsa Mphwayi: Mbiri ya Mawu ndi Khasu

Mwa mawu onse amene makolo athu anatisiyira, ndi owerengeka amene amafika pansi pa mtima wa munthu monga akuti "kugwetsa mphwayi"; pakuti woletsa mnzake amam'manga manja okha, wom'kaniza amam'mana chimene akhumba, koma wom'gwetsa mphwayi amazima moto wa m'kati, kotero kuti munthuyo, chingakhale mvula yagwa ndipo khasu lili m'manja, saonanso chifukwa choweramira. Munthu amagwa mphwayi monga nyama igwa m'mbuna, ndipo mbuna siidzikumba yokha.

Kalelo kuthangata kunali kuthandiza. Mwini munda ankafulula mowa, nayitana abale ndi anansi ku dima, ndipo iwo ankalima mokondwa podziwa kuti mawa khasu lomwelo lidzalowa m'munda mwawo. Koma azungu atatenga malo aakulu m'madera a Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, analanda ndi mawu omwe, nawasandutsa goli: wokhala pa malo a mzungu, makamaka Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, ankagwira mwezi umodzi wolipirira malo ndi wina wa msonkho, kawirikawiri m'nyengo ya dzinja, pamene munda wake womwe unali kulira khasu. Ku Magomero, pansi pa William Jervis Livingstone, miyezi imeneyi inkatalika monga afunira kapitawo, ndipo kuwawa kwake kunali chimodzi mwa zimene zinadzutsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Eni minda ankatcha anthuwo aulesi, osazindikira kuti anthu akungochita monga mwa mwambi uja wakuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika: pakamwa ankavomera, koma khasu linkayenda pang'onopang'ono.

Zomwezo zinabwerezeka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene boma la atsamunda linalamula malimidwe atsopano oteteza nthaka. Kuunda migula kuti madzi asakokolole munda inali nzeru yabwino ndithu. Koma popeza inafika ndi chindapusa ndi ndende, mlimi anaida monga adera mdani, ndipo mu 1953, chaka cha Chitaganya, Inkosi Gomani ya ku Ntcheu itauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulowo, mawu ake anagwa pa nthaka yolimidwa kale. Boma linaichotsa pa mpando, ndipo inamwalira mu 1954. Nayo ntchito ya thangata ya m'minda ya azungu ija inathetsedwa mu 1962.

Akulu anati mphwayi ndi tsoka, ndipo sananame. Komabe mneni uja wakuti "kugwetsa mphwayi", pokhala ndi wogwetsa ndi wogwetsedwa, amatiweruza tonse amene tili ndi anthu pansi pathu, kaya ndi mfumu, mphunzitsi kapena kholo: tisanadzudzule wogwa, tiyambe tayang'ana m'manja mwathu ngati mulibe dothi la mbunayo.