Mabenchi a tchalitchi cha ku Myddle ndi mbiri ya anthu wamba

Kumpoto kwa tauni ya Shrewsbury, m'chigawo cha Shropshire ku England, kuli parishi yaing'ono ya kumudzi yotchedwa Myddle. Sikunachokere mfumu iliyonse, ndipo sikunamenyedwe nkhondo yaikulu. Komabe akatswiri a mbiri amaidziwa bwino parishiyi kuposa matauni ambiri akuluakulu, chifukwa cha mlimi mmodzi, Richard Gough, yemwe anabadwa mu 1635 n'kumwalira mu 1723. Cha m'ma 1700 ndi 1701, ali wokalamba, Gough analemba mbiri ya parishi yake. Buku lakelo limatiphunzitsa kuti kupeza dzina la kholo lako m'kaundula ndi chiyambi chabe cha ntchito yomudziwa.

Aliyense wofufuza makolo ake m'midzi ya ku England amayambira pa kaundula wa tchalitchi. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izilemba ubatizo, ukwati ndi maliro onse. Zambiri zoyambirira zinalembedwa pa mapepala osalimba, choncho mu 1598 kunabwera lamulo loti zikoperedwe pa zikopa, ndipo alembi ambiri anangoyambira mu 1558, chaka chimene Elizabeth I analowa ufumu. Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640 makaundula ambiri anasiyidwa osalembedwa. Boma linayamba kulemba lokha za kubadwa, ukwati ndi imfa mu 1837, ndipo kalembera wa 1841 ndiye woyamba kusunga dzina la munthu aliyense m'nyumba iliyonse, ngakhale kuti zaka za akuluakulu ankazitsitsa kuti zigwere pa nambala yogawika ndi 5.

Kaundula amakuuza kuti mwana anabatizidwa tsiku lakuti, anakwatira chaka chakuti, anaikidwa m'manda mwezi wakuti. Sakuuza chifukwa chake banja lomwe linali ndi munda waukulu linatha n'kukhala aganyu m'mibadwo iwiri yokha. Gough ndiye anayankha mafunso otere, ndipo njira yomwe anagwiritsa ntchito inali yanzeru. M'masiku amenewo benchi iliyonse m'tchalitchi inali ya nyumba kapena munda winawake: olemera ankakhala kutsogolo, osauka kumbuyo. Gough anajambula mmene mabenchi a tchalitchi cha St Peter anakhalira, kenako anayenda nawo imodziimodzi, n'kumafotokoza banja lililonse lokhala pamenepo, kumene linachokera, amene anakwatirana nawo, mmene linapezera munda ndi mmene ena anautayira.

Zomwe zinatuluka n'zosiyana kwambiri ndi mndandanda wa mayina. Muli alimi omwe anamwera minda yawo kumowa, akuba, anthu othawa ngongole, ana obadwa kunja kwa ukwati, ndi anyamata omwe anapita ku London osabwereranso. Gough anawerenganso amuna 20 ochokera ku Myddle ndi midzi iwiri yoyandikana nayo omwe anakamenya nkhondo ku mbali ya Mfumu Charles I, ndipo 13 mwa iwo anafera komweko. Munthu wofera kutali salowa m'kaundula wa maliro wa kwawo. Pakadapanda Gough, ambiri a iwo akanangozimiririka, wofufuza n'kumadabwa kuti mwana wobatizidwa uja anathera kuti.

Nkhani za anthu ochoka ndi obwera zimatsutsa maganizo ofala akuti anthu akale a kumudzi ankabadwira, kukalambira ndi kufera pamalo amodzi. Peter Laslett atayerekeza mindandanda iwiri ya anthu a m'mudzi wa Clayworth ku Nottinghamshire, wa 1676 ndi wa 1688, anapeza kuti oposa theka la anthu a pamndandanda woyamba sanalinso pamudzipo patangotha zaka 12, ena atamwalira, ena atasamuka. Choncho amene amafufuza m'kaundula wa parishi imodzi yokha, n'kulumikiza mayina ofanana ngati bambo ndi mwana, akhoza kudzipangira makolo omwe si ake.

Komabe Gough tisamukhulupirire ngati wopanda mbali. Anali mwini malo wolemekezeka, ndipo ankaweruza anansi ake ndi maso a munthu wopeza bwino. Anthu ena, monga William Tyler, timawadziwa ngati oipa kudzera m'mawu a Gough, ndipo iwo sangadziteteze. Njira ya mabenchi nayonso ili ndi vuto lake, chifukwa imaika patsogolo mabanja okhala ndi nyumba ndi munda. Wantchito wongogwira chaka chimodzi n'kuchoka amaoneka pang'ono, kawirikawiri akapalamula mlandu. N'chifukwa chake ntchito ya David Hey, yemwe anatulutsa buku lofufuza za Myddle mu 1974, ndi yofunika: anayerekeza nkhani za Gough ndi makaundula, mawilo a omwalira ndi zolemba zina, ndipo anapeza kuti nkhalambayo inkalondola pa zambiri.

Ine ndimaona kuti mbiri ya banja yopanda mbiri ya malo imasanduka mpikisano wongofika kutali m'mbuyo. Munthu amanyadira kuti wafika mu 1600, koma sadziwa ngati kholo lakelo linkakhala benchi yakutsogolo kapena yakukhomo. Kaundula ndi wolondola pa masiku koma sanena zifukwa, pomwe Gough amanena zifukwa atasakaniza ndi mijedo. Wophunzira mbiri ayenera kuwerenga zonse ziwiri, n'kumafunsa pa dzina lililonse kuti analilemba ndani, analilembera chiyani, ndipo ndani sanalembedwe konse.