Posidoki, Umunthu ndi Bwalo: Mawu a Ntchito Imene Sitinaitchebe Dzina

Wophunzira amene wangomaliza digiri ya PhD m'mbiri yakale kapena m'zinenero akaona chilengezo cha ntchito chochokera ku America, cholembedwa kuti postdoctoral fellowship in publicly engaged humanities, savutika kumva chimene eni ake akufuna. Vuto limayamba tsiku limene akuti afotokozere amalume ake kumudzi kumene akupita ndi chimene akukachita. Akatsata mawu amodziamodzi, atulutsa chiganizo chonga ichi: chiyanjano cha pambuyo pa udokotala m'maphunziro a umunthu okhudza anthu wamba. Palibe liwu lachilendo m'menemo, komabe amalumewo amva za tchalitchi, za chipatala ndi za chilangizo cha makhalidwe abwino, ndipo palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene mwana wa mlongo wawo akukachita. Maganizo anga ndi akuti dzina la udindo tingabwereke popanda manyazi, koma dzina la ntchito yeniyeniyo liyenera kuchokera m'chinenero cha anthu amene ntchitoyo ikuti ichitike nawo.

Mawu awiri oyambawo si ofunika kutayirapo nthawi yambiri. Posidoki ndi munthu amene walandira PhD posachedwa, ndipo walembedwa ntchito ya kafukufuku, nthawi zina ndi kuphunzitsa pang'ono, kwa chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, asanapeze malo okhazikika. Bungwe la British Academy limapereka zaka zitatu. Ndondomeko ya Public Fellows, imene American Council of Learned Societies inayamba mu 2011 ndi ndalama za Mellon Foundation, inkatumiza anthu otere kwa zaka ziwiri kukagwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma, m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi m'maofesi a boma, osati m'kalasi. Liwu loti posidoki limakhala bwino pakamwa pathu, ndipo limalandira mphatikira zathu mosakangana: aposidoki awiri, ntchito ya uposidoki, monga timanenera udalaivala kapena ukalaliki. Chiyanjano ndiye sichingatheke, chifukwa liwuli linakhazikika kale m'mapemphero, ndipo ngakhale lobwereka lija loti felosipi anthu amalimva ngati msonkhano wa mapemphero a madzulo. Sikolashipu nayo ndi ya mwana wasukulu, pamene posidoki ndi wantchito wolandira malipiro. Tingonena kuti ntchito ya uposidoki, basi.

Pa humanities mpamene pali msampha wokoma. Liwuli linachokera ku humanitas ya Chilatini, ndipo aliyense wodziwa zinenero ziwirizi dzanja lake limathamangira ku umunthu. Ndikumvetsa chifukwa chake. Umunthu ndi liwu lathu lolemera, limene akatswiri monga Augustine Musopole ndi Gerard Chigona alilembera mabuku, ndipo kulipatsa nthambi yonse ya yunivesite kumaoneka ngati kubwezera ulemu ku nzeru za makolo. Koma tiyeni timve mmene liwuli limagwirira ntchito pakamwa pa anthu. Timati uje alibe umunthu akamana mlendo madzi, akaseka pamaliro, akalanda katundu wa mayi wamasiye. Umunthu ndi muyeso woweruzira khalidwe la munthu. Tsono lamulo limene linakhazikitsa National Endowment for the Humanities ku America mu 1965 linatchula zinenero, zolembalemba, mbiri yakale, nzeru za malamulo, filosofi, kufukula zakale ndi kusanthula luso. Wofufuza za malonda a akapolo a Jumbe ku Nkhotakota, kapena woyeza mmene mawu amakwerera ndi kutsika m'aneni a Chichewa, sakuphunzitsa munthu aliyense kukhala wabwino. Akufunsa mafunso, ndipo ena mwa mayankho ake ndi owawa.

Wina anena kuti mawu amakula, ndipo umunthu ungasenze tanthauzo lachiwiri monga mmene bwalo linasenzera khoti ndi malo osewerera mpira. N'zoona kuti mawu amakula, koma tanthauzo lakale silichoka msanga, ndipo pano tanthauzo lakalelo lili ndi mano. Nthambi ikatchedwa ya umunthu, anthu ayembekezera kuti izitamanda chikhalidwe ndi kulangiza achinyamata, ndipo tsiku limene mphunzitsi wake adzalembe zosakomera akuluakulu, adzauzidwa kuti wapatuka pa ntchito yake. Sitikufunika kupita kutali kuti tione zimenezi. M'nthawi ya chipani chimodzi, kuteteza chikhalidwe ndi ulemu kunali chifukwa chimene bungwe loletsa mabuku ndi mafilimu, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linkaimirapo, ndipo Jack Mapanje, mkulu wa nthambi ya Chingerezi ku Chancellor College, anakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Nchifukwa chake ndimakonda dzina lalitali koma loona: maphunziro a mbiri, luso ndi maganizo a anthu. Umunthu ukhale chimodzi mwa zinthu zimene maphunzirowa amasanthula, ukhalenso muyeso wa mmene wofufuza amakhalira ndi anthu amene akucheza nawo, koma usakhale chikwangwani cha pakhomo.

Komabe mtima wa nkhaniyi uli pa mawu awiri aja, publicly engaged, chifukwa ndi amene amasiyanitsa posidoki ameneyu ndi anzake. Ku America komweko mawuwa anabadwa m'mkangano. Ernest Boyer anadandaula mu 1990, m'buku lake Scholarship Reconsidered, kuti mayunivesite amangowerengera zimene katswiri walembera akatswiri anzake, ndipo mu 1996 analemba za ukatswiri wolumikizana ndi anthu a kunja kwa mpanda wa sukulu. Pamene National Humanities Alliance inatsegula kaundula wake wotchedwa Humanities for All mu 2018, inasiyanitsa ntchito yongopititsa zimene yunivesite ikudziwa kwa anthu ndi kafukufuku kapena kuphunzitsa kumene anthuwo ali eni ake limodzi ndi katswiri: amathandiza kusankha funso, kusonkhanitsa umboni ndi kuweruza zotsatira. Pulofesa wolankhula pa wailesi za mbiri ya mzinda ali mbali yoyambayo. Posidoki amene wakhala pansi ndi ana a anthu amene anasamutsidwa pamene msewu waukulu unkadula dera lawo, nagwirizana nawo za mafunso, za amene ajambulidwe mawu ndi za kumene matepi akasungidwe, ali mbali yachiwiriyo. Chilengezo chikati engaged chikufuna wachiwiriyu.

Tsono taonani mawu amene tili nawo kale okonzeka. Zaka makumi atatu za mabungwe ndi misonkhano ya m'mahotela zatisiyira kuzindikiritsa anthu, kuwamemeza, kuwafikira, kuwatsegula m'maso, kuphunzitsa anthu akumudzi. Onsewa ali ndi mamangidwe amodzi: pali wochita mmodzi amene akudziwa, pali wa- wa anthu amene akuchitiridwa, ndipo kawirikawiri pali -its- wosonyeza kuti wina akuchititsa mnzake. Nalonso liwu loti wamba, ngakhale limamveka losalakwa, limaika anthu pansi pa wophunzirayo. Palibe mfumu kapena namkungwi amene angakondwe kutchedwa munthu wamba pa nkhani ya mwambo umene iye ndiye mwini wake. Harri Englund anaonetsa m'buku lake la 2006, Prisoners of Freedom, mmene kumasulira human rights kuti ufulu wachibadwidwe, kumene kunachitika popanda kufunsa eni chinenero ambiri, kunapanikizira nkhani yonse pa ufulu wa munthu payekha, ndi mmene achinyamata ophunzitsa za ufuluwo anaphunzirira kudziona ngati osiyana ndi anthu a m'midzi. Tikamasulira engaged ndi mawu a m'gulu limeneli, tabweza ntchitoyi kumene inkathawa.

Chichewa chili ndi chida china, ndipo nchaching'ono kwambiri: -an-. Kuphunzitsa kukakhala kuphunzitsana, kufunsa kukakhala kufunsana, kutsutsa kukakhala kutsutsana, chiganizo chimasintha mafupa ake. Sam Mchombo, amene walemba zambiri za mphatikira imeneyi, kuphatikizapo m'buku lake la 2004 la kalembedwe ka ziganizo za Chichewa, anaonetsa kuti mneni wotere amataya pamtherankhani wake. Sunganene kuti tinawaphunzitsana. Uyenera kunena kuti tinaphunzitsana nawo. Malamulo a chinenero okha akukana kuti wina akhale wongochitiridwa. Chingerezi chimafunika ndime yathunthu kuti chifotokoze kusiyana kumene ife timakunena ndi zilembo ziwiri, ndipo apa mpamene kubwereka liwu kungakhale kutaya chuma. Si za galamala zokha ayi. Wokamba nthano madzulo akati padangotero, sapitirira mpaka omvera atayankha kuti tili tonse, ndipo akasiya kuyankha amadziwa kuti nthano yafera m'njira. Gulu la zisudzo la Chancellor College Travelling Theatre, m'zaka za m'ma 1980, pamene Chris Kamlongera ndi David Kerr ankagwira ntchito ndi midzi ya ku Mwima pafupi ndi Liwonde pa nkhani za umoyo, linkaimitsa sewero pakati, wosewera n'kutembenukira kwa anthu kufunsa kuti nanga apa tichite chiyani, ndipo yankho la mayi wokhala pamphasa linkasintha mathero a sewerolo. Ntchito imene Amerika akuipatsa dzina latsopano ife tinaichitapo, kungoti sitinaitche dzina.

Pa liwu loti public ndikupempha kuti tiganizire bwalo. Ya boma sizikugwirizana, chifukwa zimenezo zimanena za mwini sukulu, monga tikati yunivesite ya boma. Poyera pamangonena kuti chinthu sichinabisike. Bwalo ndi malo amene mlandu umakambidwa aliyense akumva, amene mboni imafunsidwa, amene gule amavinidwa, ndipo wobwera nacho chinthu pabwalo amadziwa kuti ayankhidwa. Choncho kafukufuku wa pabwalo, kapena kuphunzitsana pabwalo, akunena zonse ziwiri: malo ake ndi machitidwe ake. Pali chotsutsa champhamvu, ndipo sindichipeputsa. Bwalo lili ndi eni ake. Mfumu ndi nduna zake amakhala pamipando, amayi amakhala pansi chapatali, mnyamata salankhula akulu asanalankhule, ndipo mkamwini amadziwa malire ake. Kodi liwu lotere lingaimire ntchito yofuna kuti onse amveke? Yankho langa ndi lakuti kulemera kumeneku ndiye phindu lake. Public ya Chingerezi imanamiza wofufuza kuti kunja kuli khamu lopanda nkhope limene likungodikira nzeru zake. Bwalo limamukumbutsa kuti ayenera kuodira, kuti ayenera kuona amene sanalankhule n'kukawapeza kumtondo kapena kudimba, ndiponso kuti si zonse zimene zimatuluka pabwalo. Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, koma za kudambwe zikadali za kudambwe, ndipo wofufuza amene sadziwa kusiyana kwa malo awiriwa adzaononga zambiri ndi kamera yake.

Tikaika mawu athu awiriwa pamodzi, uposidoki wa pabwalo, timaona msanga mng'alu umene Chingerezi chimaphimba. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Posidoki ndi mlendo wa zaka ziwiri, ndipo theka la chaka chachiwiri amathera kulemba makalata ofunsira ntchito ina, pamene kukhulupirirana ndi mudzi kapena mpingo kumatenga nthawi yoposa pamenepo. Komanso akamadzafunsidwa ntchito yokhazikika, chimene chidzawerengedwe kwambiri ndi nkhani zake za m'majenale a Chingerezi. Ku Britain anayesa kukonza zimenezi poika phindu la kafukufuku kwa anthu pa magawo 20 mwa 100 a kauniuni wa mayunivesite mu 2014, n'kukweza kufika pa 25 mu 2021, koma kuyeza phindu si chimodzimodzi ndi kufunsa anthu ngati anamvedwa. Choncho bwalo liyenera kukhala pangano la yunivesite yonse, limene posidoki amalipeza ndi kulisiya likuyenda, osati katundu wa m'chikwama chake.

Ena adzafunsa kuti tivutikiranji kutcha dzina ntchito imene kwathu ilipo yochepa. Ngakhale African Humanities Program, imene inayamba mu 2008 ndi ndalama za Carnegie Corporation n'kuthandiza aposidoki ambiri, inkagwira ntchito ku Ghana, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda, osati ku Malawi kapena Zambia. Koma ofufuza akunja amabwera m'midzi yathu chaka ndi chaka, ana athu amapikisana nawo pa maudindo amenewa, ndipo anthu amene amafunsidwa mafunso alibe liwu loti agwiritse ntchito pofunsa kuti kodi uyu wabwera kudzatiphunzitsa, kudzatitapa nzeru, kapena kudzaphunzitsana nafe. Sindikupempha kuti ofesi ina ikhale pansi n'kulamula. Chichewa Board ya 1972 inayesa njira yolamula, kudzudzula anthu pa wailesi, ndipo mawu ambiri opangidwa m'maofesi anafera m'mapepala. Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwake mu 1996 n'kutulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ingathandize kwambiri posonkhanitsa mawu amene aphunzitsi, atolankhani ndi ochita zisudzo akugwiritsa kale ntchito. Chovuta n'chakuti kuyambira 2014 boma linalamula kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ndiye kuti katswiri wa mawa adzafika pa PhD asanaganizepo mozama za phunziro lake m'chinenero cha amayi ake, kenaka tidzamutuma kukaphunzitsana ndi anthu.

Ndipo bwalo likatengedwa mwachilungamo, silingakhale la Chichewa chokha. Chaka cha 1968, pamene Chichewa chinakwezedwa kukhala chinenero cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo bala limenelo silinapole. Kafukufuku wa pabwalo ku Rumphi achitike m'Chitumbuka, ku Mangochi m'Chiyao, ku Nsanje m'Chisena. Komiti iliyonse yolemba posidoki wotere iyenera kufunsa poyera kuti adzalankhula chinenero chanji ndi anthuwo, ndani adzasunge mawu ojambulidwa, ndiponso ndi tsiku liti limene adzabwerere pabwalo lomwelo kukawerenga zimene walemba, eni ake akumva ndi kumukonza.