Mpeni Wakuda wa Agogo

Nditalandira malipiro anga oyamba a uphunzitsi ku Lusaka, ndinagulira agogo aamuna mpeni wopinda wonyezimira, wa chitsulo chosachita dzimbiri. Nditafika nawo kumudzi ku Chadiza, anauyang'ana uku ndi uku, nauyesa pa nsungwi. "Wachita bwino mdzukulu wanga," anatero, "koma uwu ndi wodyera mango." Atatero anabwezera m'thumba Okapi wao wakuda uja. Zinandiwawa, ndipo ndinayamba kufufuza chimene ankauona mumpeni wakalewo.

Okapi anayamba kupangidwa ku Solingen, m'dziko la Germany, mu 1902, cholinga chake kukagulitsa ku Africa. Mu 1988 ntchito yopanga mipeniyi inasamukira ku South Africa. Amuna ambiri a kum'mawa kuno ankapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo agogo anagula wao ali ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Chitsulo chake n'chosakaniza ndi kaboni pang'ono. Chikanyowa chimachita dzimbiri, ukadulira mandimu chimada, koma chimanoleka msanga pa mwala wamba n'kuthwa ngati lumo.

Chitsulo cha mpeni wanga ndi chaching'ono pa msinkhu. Mu 1913 Harry Brearley wa ku Sheffield, ku England, anapeza kuti akathira chromium wambiri m'chitsulo, dzimbiri silichigwira. Chromium akafika magawo khumi ndi theka pa zana, amapanga kachikopa kosaoneka komwe kamatchinga chinyezi. Kwa ife a m'komboni, amene tilibe nthawi yopukuta mpeni ndi mafuta, ichi n'chabwino. Koma mipeni yotchipa ya mtunduwu imabuntha msanga, ndipo pa mwala imavuta kuthwa.

Apa m'pomwe ndinawamvetsa agogo. Azungu asanabwere, Achewa ankasungunula miyala ya chitsulo m'ng'anjo ndi makala, n'kusula makasu, nkhwangwa ndi mipeni. Chitsulo chimenecho chinkachita dzimbiri, ndipo munthu ankachisamala yekha: kuchinola, kuchipaka mafuta, kuchikonzera mpini watsopano. Okapi atabwera, anthu anapeza chitsulo cha khalidwe lomwe ankalidziwa kale. Agogo ankasendera mbuzi, kusalaza nsungwi zolukira malichero ndi kudula luzi ndi mpeni umodzi kwa zaka zoposa makumi asanu, osapempha munthu kuti awakonzere.

Ana anga a sukulu akamva dzina la Okapi amaganiza za achifwamba a usiku, chifukwa m'makomboni ndi momwe mpeniwu unatchukira. Ndimawauza kuti kwathu unali chida cha ntchito.

Agogo atamwalira, amalume anandipatsa mpeniwo. Watha mbali imodzi ndi kunoledwa, wangotsala kaching'ono ngati tsamba la nsungwi. Nyengo ya mvula yatha ndinauiwala m'kabati, ndipo ndinaupeza uli ndi madontho a dzimbiri. Ndinachita manyazi. Loweruka lotsatira ndinapita kukafuna mwala wonolera.