Kusintha kwa nyengo ndi ulimi wa ku Chifunga

Dera la Chifunga lili kumunsi kwa boma la Neno, m'mbali mwa msewu wochoka pa Zalewa kupita ku Mwanza. Kumapiri kwa bomali kumazizira ndipo kumalola mbatatesi, koma kumunsi kuno n'kotentha, mvula imagwa yochepa. Mabanja ambiri amadalira chimanga, nandolo ndi mbuzi.

Choopsa kwambiri ndi kudukiza kwa mvula. Ng'amba ikagwa mu Januwale kapena Febuluwale, chimanga chikumasula, mungu umauma ndipo zisononkho sizidzaza, feteleza wodulayo n'kupita pachabe. Kutentha kumafulumizitsanso kuswana kwa ntchemberezandonda.

Zaka ziwiri zotsatizana zinaonetsa mbali zonse za vutoli. Mu Malichi 2023, Neno anali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa ndi namondwe wa Freddy. Chaka chotsatira kunabwera chilala cha El Niño, ndipo pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi.

Nkhokwe zikapanda kanthu, ambiri amathawira kootcha makala. Mitengo ikatha, mvula yamkuntho imakokolola nthaka yachonde, matope n'kukathera mumtsinje wa Shire, momwe dziko limapangira magetsi ake ambiri.