ArrayList

ArrayList ndi mndandanda wa m'chinenero cha pakompyuta cha Java womwe umakula wokha pamene zinthu zikuwonjezedwamo. Inayamba kupezeka mu Java 1.2 m'chaka cha 1998 ndipo ili m'gulu la java.util. Olemba mapulogalamu amaigwiritsa ntchito posunga mawu, monga mayina a ophunzira, ngati sakudziwiratu kuti mayinawo adzakhala angati.

Mmene imagwirira ntchito

Array wamba imakhala ndi malo owerengeka omwe sasintha. ArrayList imasunga zinthu zake mu array yotereyi, ndipo kawirikawiri imayamba ndi malo 10. Malowo akadzaza, imapanga array ina yokulirapo ndi theka n'kusamutsiramo zonse. Motero malo 10 amasanduka 15, kenako 22.

Chitsanzo:

ArrayList<String> mayina = new ArrayList<>();
mayina.add("Chikondi");

Kuwerenga malo kumayambira pa 0, choncho mayina.get(0) imabweza "Chikondi".

Ubwino ndi kuipa kwake

Kupeza mawu potchula nambala ya malo ake n'kwachangu, chimodzimodzinso kuwonjezera kumapeto. Koma kulowetsa kapena kuchotsa mawu pakati kumachedwa, chifukwa onse otsatira amayenera kusuntha. Mu C++ ntchito yomweyi imagwiridwa ndi std::vector.