Mbiri ya Kuyeza Kuzizira kwa Madzi Oundana Kuchokera Kumwamba

Kale munthu wofuna kudziwa kuzizira kwa maiko a madzi oundana ankayenera kupitako ndi mapazi ake, choyezera chili m'manja, ndipo ena, monga Robert Scott ndi anzake m'chaka cha 1912, anasiya mafupa awo ku Antarctica komweko. Komatu khomo lina linali litatseguka kale mu 1800, pamene William Herschel, atagawa kuwala kwa dzuwa ndi galasi, anapeza kuti kuseri kwa mtundu wofiira, kumene diso siliona kanthu, kuli kutentha. Kuwala kobisikaku, kotchedwa infrared, kumatuluka m'cholengedwa chilichonse, monga mmene mbaula imamvekera patali munthu asanaikhudze. Ngakhale madzi oundana, kuzizira konse kuja, amatulutsa kagawo kawo, ndipo kukula kwa kagawoko ndiko kumaulula kuzizira kwake.

Setilaiti ya Nimbus 1 inayamba kuwerenga kagawoko usiku mu 1964. Makina a AVHRR anatsatira mu 1978, ndipo a MODIS anakwera kumwamba mu 1999 ndi 2002. Mdani wa onsewa ndi mtambo, pakuti ukaphimba dziko makina amayeza mtambowo, ndiponso mtambo woyera pamwamba pa chipale choyera ngwovuta kuusiyanitsa. Akatswiri amadikira thambo loyera, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekhako kunabala zipatso. Mu July 2012 masetilaiti anaonetsa kuti m'masiku anayi okha kusungunuka kunafalikira pafupifupi pamwamba ponse pa Greenland. Mu 2018 Ted Scambos ndi anzake, atasanthula zithunzi za zaka zambiri, analengeza kuti m'tizigwa tosaya ta pachitunda chachitali cha madzi oundana kum'mawa kwa Antarctica, mmene mpweya wozizira umatsikira nukhazikika mphepo ikaleka, kuzizira kumafika pafupifupi madigiri -98.

Ngakhale zili tero, buku la bungwe loona za nyengo padziko lonse likadalemba madigiri -89.2 amene anayezedwa pa siteshoni ya Vostok ku Antarctica pa 21 July 1983 monga kuzizira koposa konse, ndipo ine ndikuti likuchita bwino: setilaiti imayeza khungu la madzi oundana, pamene choyezera cha pansi chimayeza mpweya wa pamwamba pake, ndipo ziwirizi si chinthu chimodzi. Chiwerengero chochokera kumwamba chimadalirika pokhapo chitayerekezedwa ndi cha pansi, motero maiko asatope kulipirira anthu amene amagona kumasiteshoni a kutaliko m'nyengo ya mdima.