Kupita ku Kabula n'kudzagona kwanu

Adzukulu anga, inu mwabadwira m'nthawi ya maminibasi, moti ulendo wa ku Blantyre simuuyesa ulendo. M'zaka za m'ma 1970, kwa ife a kuno ku Mulanje, kupita m'tauni n'kubwerako tsiku lomwelo inali ntchito yofuna mutu. Sikuti aliyense ankaitha ayi. Khalani pansi ndikuuzeni mmene tinkaikonzera.

Muyambe mwadziwa chimene tinkalimbikira kubwerako. Kugona m'tauni kunali kowawa. Resitihausi inkadya ndalama imene ukadagulira mchere ndi palafini. Mbale wako wa ku Ndirande kapena ku Bangwe ankakhala m'kachipinda ka lendi ndi mkazi ndi ana. Ukagogoda madzulo ankakulandira ndithu, koma ana ankachotsedwa pamphasa ndipo ndiwo za mawa zinkathera iwe. Ukapanda mbale unkagona padepoti utakumbatira katundu, tulo osatipeza. Komanso ambirife tinali pantchito m'minda ya tiyi. Kapitawo akakupatsa tsiku limodzi, linali limodzi lomwelo, ndipo lachiwiri linkalembedwa kuti wajomba.

N'chifukwa chake akuluakulu ankakonza ulendo kuyambira kumathero ake. Mnyamata akanena kuti mawa apita m'tauni, amalume ake sankamufunsa nthawi yonyamukira. Ankati, "Kodi basi yomaliza yobwera kuno ukuidziwa nthawi yake?" Akachita chibwibwi, ankamuuza kuti ayambe wakafunsa kwa kondakitala. Mabasi anali a United Transport Malawi, amene tonse tinkangoti UTM, kampani imene inadzagulidwa ndi Stagecoach mu 1989. Anali owerengeka ndipo ankayendera nthawi yolembedwa. Ukadziwa nthawi ya basi yomaliza, zonse zinkawerengedwa chobwerera m'mbuyo: nthawi yoti ukhale utafika padepoti, nthawi yoti ukhale utamaliza kugula, nthawi yoti ukhale utatuluka mu ofesi. Chimene sichinakwane m'maola amenewo chinkadikira ulendo wina.

Kenaka kunali kusankha tsiku. Lamulungu masitolo anali otseka. Loweruka ambiri ankatseka masana, choncho linali tsiku la theka. Kumapeto kwa mwezi, anthu a m'maesiteti atalandira, basi inkadzaza isanachoke n'komwe pa Chitakale. Pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira amene anafera ufulu, munthu sankayerekeza n'kugwira khasu komwe, nanji kukagula malata. Pa 14 Meyi linali tsiku la Kamuzu, ndipo chakumayambiriro kwa Julayi, pokonzekera chikondwerero cha ufulu cha pa 6, misewu inkadzaza malole onyamula amayi opita kukavina ku sitediyamu. Usiku woti mawa unyamuka unkatchera khutu ku wailesi ya MBC, ngakhale ya mnansi, kuti umve ngati Ngwazi Kamuzu ali ndi ulendo. Kamuzu akamadutsa, msewu waukulu wa pakati pa Limbe ndi Blantyre unkatsekedwa, anthu n'kundanda m'mbali mwake, ndipo tsiku lako linkathera pomwepo. Nyengo nayo tinkaiyang'ana. Dzinja mtsinje wa Thuchila unkadzaza, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa, dalaivala ankayenda pang'onopang'ono m'mapiri a Thyolo chifukwa cha nkhungu.

Mwina mukudabwa kuti tinkakatani m'tauni. Ena ankakazonda wodwala ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chimene chinatsegulidwa mu 1958. Ena ankalondola ndalama za mwamuna amene anabwerako ku migodi ya ku Joni, ena kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti. Koma ambiri tinkapitira kugula. Kale m'malo a malonda ang'onoang'ono munali masitolo a amwenye, ndipo nsalu, singano za makina ndi zitsulo za njinga zinkapezeka pafupi. M'zaka zomwezi boma linalamula kuti amwenye achoke m'madera akumidzi akachitire malonda awo m'matauni akuluakulu monga Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Amene analowa m'masitolo aja anali anthu athu a mpamba wochepa, ogulitsa sopo, shuga ndi machesi. Telala akathyola shatulo ya makina ake a Singer, kapena habu ya njinga ikatha, njira inali ya ku Limbe basi.

Choncho ulendo sunali wa munthu mmodzi. Mbiri ikangomveka kuti uje mawa ali paulendo, madzulo ake pakhonde pankadzaza.

"Alamu, ndamva kuti mawa mulowera ku Limbe. Mundigulireko galasi la nyali."

"Achimwene, kalata iyi mukapatse mwana wanga uja wa ku fakitale ya fodya. Mukamuuze kuti mayi ake sakupeza bwino."

"Mwanawe, ine ndikufuna chitenje cha kwa David Whitehead, chosasuluka, osati chofiira kwambiri."

Kukana kunalibe, pakuti mawa udzafuna kutuma iweyo. Koma munthu wanzeru ankanena poyera chimene sangathe. Ankati, "Apongozi, za ku Ndirande sindilonjeza, n'kutali ndi kumene ndikupita." Kunali bwino kukhumudwitsa munthu pakhonde kusiyana n'kumubwezera ndalama yake mawa usiku.

Ndalama za otuma sizinkasakanizidwa. Amayi ankamanga za munthu aliyense pamfundo yakeyake ya kansalu, n'kukabisa m'chiuno mkati mwa chitenje. Abambo ankakulunga m'timapepala tolembedwa maina. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971, koma agogo ambiri anapitiriza kuwerenga m'masheleni ndi mapaundi kwa zaka zambiri. Wotumidwa ankayenera kusunga m'mutu kuti sheleni ndi matambala 10 ndipo paundi ndi K2, kuti pobweza chenje asakangane ndi munthu. Chitsulo chothyoka tinkachinyamula chomwecho kuti tikayerekeze kusitolo. Mwana wofuna nsapato za ku Bata sankakwera nawo basi ayi. Tinkayeza phazi lake ndi kamtengo, n'kukadula molingana, kamtengoko n'kupita m'thumba. Ndalama ya basi yobwerera inkakhala payokha, ndipo imeneyo sinkakhudzidwa ngakhale utaona chinthu chokongola chotani.

Panalinso zoyenera kukhala nazo pathupi. Khadi ya chipani cha Kongeresi inali patsogolo, chifukwa pakhomo la msika ndi padepoti pankaima a yufi, achinyamata a chipanicho. "Khadi, bambo!" Wopanda khadi sankalowa mumsika, mwinanso basi sankakwera, mpaka atagula ina pomwepo. Abambo ankatenganso chiphaso cha msonkho. Kavalidwe nako kanali ndi lamulo: kuyambira 1973 mkazi sankaloledwa kuvala buluku kapena diresi yoonetsa mawondo, ndipo mnyamata wa tsitsi lalitali ankameta asanayandikire tauni. Zovala zabwino zinkasitidwa dzulo lake ndi simbi ya makala.

Kamba ankakonzedwa usiku: chinangwa chophika, mbatata, chikondamoyo, nthochi, ndi thobwa m'botolo. Kudya m'lesitilanti kunkatha ndalama, komanso kunkatha nthawi. Wopita ku Gulupu ankanyamulanso ufa, nandolo ndi zinanazi za womudikirira wodwala.

Wotchi inali ndi anthu ochepa. Tinkadzuka ndi tambala woyamba, ena n'kusuzumira panja kuona ngati nthanda yatuluka. Wina wa pakhomo ankakuperekeza mpaka pasiteji, atakusenzera katundu. Kunali bwino kuzizidwa pasiteji kusiyana n'kumva basi ikulira uli kutsidya kwa dambo, pakuti ukaphonya yoyamba ulendo wa tsiku limenelo wafa. Katundu wamkulu ankakwezedwa pakaliyala, n'kumangidwa zingwe. Tikiti unkaisunga bwino chifukwa panjira pankakwera chekala.

Msewu wachidule wa Midima unali woipa nthawi imeneyo, makamaka dzinja, moti njira yodalirika inali yozungulira ku Thyolo. Kuchoka pa Chitakale tinkadutsa pa Chonde, n'kufika pa Luchenza pamene pali njanji. Kuchoka apo basi inkayamba kukwera, ikubuula m'zitunda, mbali zonse tiyi yekhayekha, othyola ali kale m'mizere ndi madengu kumsana. Pa boma la Thyolo inkaima kanthawi. Pa Bvumbwe pankakwera amayi a kabichi, tomato ndi kaloti opita kumsika wa Limbe, ndipo kuyambira apo mwendo sunkapezanso poponda. Mukadutsa Chigumula aliyense ankayamba kupapasa m'chiuno kuona ngati mfundo zija zilipo.

Apa ndiye pankaonekera kusiyana kwa wodziwa ulendo ndi mlendo. Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa kukhala tauni imodzi mu 1956, koma kwa munthu wapansi anali matauni awiri, otalikirana ngati mamailosi asanu. Wochokera kuno amayamba kufika ku Limbe. Mlendo ankatsika pomwepo, maso atakopeka ndi masitolo, n'kuyamba kugula. Pofika ku ofesi ya ku Blantyre ali ndi mtolo pamutu, ankapeza akalaliki atapita kukadya, ndipo pamene ankabwerako dzuwa linali litapendeka. Wodziwa ankakhalabe m'basi, kudutsa Chichiri ndi Ginnery Corner, mpaka padepoti ya Wenela. Ankayamba ndi zimene zili ndi nthawi yotsekera: ofesi ya boma, banki, positi. Ku Gulupu ankafika m'nthawi yoonera odwala ya masana, popeza mlonda wa pachipata sankamva zoti wachokera kutali. Kugula kunkabwera pomaliza, zopepuka poyamba, zolemera pambuyo.

Kufunsa njira sikunali kochititsa manyazi, paja safunsa anadya phula. Koma tinkasankha womufunsa: mayi wogulitsa pamsika, mlonda wa pasitolo, wapolisi. Munthu wokuyamba yekha, wakumwetulira, wokuuza kuti akudziwa kumene malata akutsika mtengo, ameneyo tinkamuthokoza n'kupitirira. Kukhalitsa pamalo kunalinso mdani. Ukakumana ndi wakwanu pa sitolo ya Kandodo, malonje anali achidule. "Kumudzi onse ali bwino, ndikuthamangira basi." Ankamvetsa, chifukwa naye anachokera komweko.

Vuto lalikulu linali la pobwerera. Katundu wolemera ndi wotsika mtengo anali ku Limbe, koma mpando unali ku Wenela kumene basi inkayambira. Ikamafika ku Limbe inali itadzaza kale, ndipo kondakitala ankatha kutenga anthu ochepa okha, otsala n'kuwasiya akuyang'ana. Amene anali awiri ankagawana ntchito. Mmodzi ankakwerera ku Wenela, winayo n'kudikira ku Limbe ndi katundu. Basi ikaima, wam'kati uja ankachonderera kondakitala kuti, "Bambo, mnzanga ndi uyo ali ndi malatayo, tili limodzi." Woyenda yekha ankayenera kusankha: kugula msanga n'kubwerera ku Blantyre, kapena kuima kutsogolo kwa mzere ku Limbe nthawi ikadalipo. Ndipo sitinkadalira basi yomaliza yeniyeniyo. Tinkalinga yapatsogolo pake, kuti yomalizayo ikhale yotipulumutsa zikavuta.

Zikavutadi, njira zinalipo koma zonse zowawa. Unkatha kupempha matola palole yobwerera ku esiteti, n'kukhala pamwamba pa matumba mphepo ikukumenya. Sitima ya pamtunda yopita kummwera inkaima pa Luchenza, koma inali ndi nthawi yakeyake, ndipo ukatsika apo unali usanafike kwanu. Kunalibe njira yodziwitsira a kunyumba. Mkazi wako ankaimika ana pasiteji mpaka basi yomaliza itadutsa, kenaka ankagona ndi nkhawa.

Ukafika bwino, ntchito inali isanathe. Usanasambe n'komwe, otuma aja anali atafika. Pansi pa nyali unkamasula mtolo, n'kupereka chinthu chilichonse kwa mwini wake, n'kutchula mtengo, n'kuwerenga chenje m'manja mwake mpaka tambala yomaliza. Chimene sichinapezeke, ndalama yake inkabwerera ili pamfundo yomwe ija. Kenaka unkapereka mauthenga: wodwala wayamba kudya phala, mwana wa ku fakitale uja wati abwera mwezi ukatha. Ana ankalandira sikono kapena buledi, popeza wochokera m'tauni sankalowa m'nyumba chimanjamanja. Nsima inkabwera pambuyo pa zonsezi.

Mudzi unkaona ndipo unkasunga. Unkadziwa amene amabwera ndi nkhani zambiri koma chenje choperewera, amene amaiwala kalata m'thumba, ndi amene amati basi inamusiya pamene anachedwa pamowa ku Limbe. Wotero sankakalipiridwa, anthu ankangoleka kumutuma. Unkadziwanso amene amapita ndi mfundo khumi n'kubwera ndi zinthu khumi tsiku lomwelo. Pakafunika msungichuma kumpingo, kapena wosunga chopereka cha pamaliro, kapena wokagula za ukwati, panalibe kuvota kwautali. Wotchulidwa ankakhala yemwe uja. Inu mukamatumidwa lero, ngakhale ndalama ibwere pafoni, dziwani kuti amene wakutumaniyo akuwerengabe chimodzimodzi.